Matabwa Awiri M'dambo la Ng'ombe

Kwa zaka makumi awiri, Odiel Vermeersch ndiye ankakonza njira ya mpikisano wa njinga za m'matope m'mudzi mwawo ku Flanders. Okwera njinga ankamutukwana chaka chilichonse, chaka chinacho n'kubweranso. Ankadziwa pomwe madzi amadikha m'dambo la ng'ombe, ndipo njira ankaidutsitsa pomwepo.

Chaka chimenecho mkazi wake, Godelieve, analembetsa m'gulu la amayi opitirira zaka makumi asanu. Panali patangotha miyezi isanu ndi itatu chimuchitireni opaleshoni ya bere, ndipo mkono wamanja unali usanayambe kukwera bwino.

Loweruka, mpikisano uli mawa, Odiel anazungulira dambo ndi nyundo ndi zingwe. Chitunda cha kuseri kwa tchalitchi anachilambalala poika zingwezo. Matabwa awiri amene okwera amawalumpha atanyamula njinga paphewa anawabwezera m'ngolo.

Masana Godelieve anamubweretsera supu m'fulasiki. Anayenda njira yonse wapansi, manja ali m'matumba.

"Matabwa aja ali kuti?"

"Afumbwa."

"Omwe unapaka penti sabata yatha aja?"

Odiel anawerama n'kutola nyundo.

"Chitunda nachonso chafumbwa eti? Odiel, kuchipatala andisamala ngati dzira mpaka ndatopa nazo. Usayambenso iwe."

"Nanga ukagwera mbali yodwalayo?"

"Ndidzuka. Tsitsa matabwawo, nkhalamba iwe, supu asanazizire."

Anawakhoma limodzi, mwamuna akumenya zikhomo, mkazi atagwirizira. Chingwe nacho anachikwezanso pachitunda.

Lamlungu mvula inawaza m'mawa wonse. Odiel anaima pamatabwa paja, mbatata zokazinga zikumuzizirira m'manja. Godelieve anatulukira ali wachisanu ndi chiwiri mwa amayi asanu ndi anayi, nkhope yonse matope okhaokha. Anatsika, nayesa kukweza njinga paphewa lamanja, koma mkono unakana. Odiel anaponya phazi kudutsa chingwe, kenako analibweza. Mkaziyo anazungulira njinga, naikoleka paphewa lamanzere, nalumpha thabwa loyamba, kenako lachiwiri.

Pozungulira kachitatu anaterereka pachitunda, nagwa chammbali. Odiel ankamuonera patali. Anawerenga chamumtima mpaka khumi ndi ziwiri, ndipo mkaziyo anadzuka. Podutsa pamatabwa anamuyang'ana, akupuma wefuwefu.

"Wakonza njirayi alibe chisoni," anatero.

"Ena anandikakamiza, mayi," Odiel anayankha.

Godelieve anamaliza ali womalizira, anzake atayamba kale kumwa mowa m'tenti. Zala zake zinali zitauma ndi chisanu, moti Odiel ndiye anamumasula lamba wa chisoti, namupukuta matope m'makutu ndi mpango wake. Zikhomo ndi zingwe anawasiyira anzake a m'komiti kuti azule, chinthu chimene anali asanachitepo.

Asanatuluke n'komwe pachipata cha dambo, Godelieve anali atagona pampando wa galimoto. Msewu wachidule wopita kwawo unali wa miyala, wogwedeza, choncho Odiel anadzera wa phula wozungulira kumtsinje, akuyendetsa pang'onopang'ono.