A Obadiah Apalira Kafukufuku

Tryphena anavina yekha m'chipinda kompyuta itatulutsa yankho. Miyezi inayi anakhala akuwerenga zomera za m'madambo awiri, la ku dera la Unit G ndi la kwawo ku Unit K, m'timabwalo timene anazika zikhomo n'kuzunguliza chingwe. Pulogalamu yake inkaika zomerazo pa chithunzi cha mtengo wosonyeza chibale chawo, n'kuyeza kuti madambowo ndi apachibale motani. Inati atalikirana zedi! Nkhani yotere mapulofesa amaikonda, ndipo lipoti la digiri yake linkafunika ku yunivesite Lachisanu.

Chimwemwe chinazilala atatchula zomera za ku Unit K m'mayina a kunyumba, osati a Chilatini aja. Bonongwe, chisoso, luni, denje. Dambo lanji lomera ndiwo zokhazokha? Sukulu ikachuluka, munthu amatha kuyang'ana dimba miyezi inayi osaliona.

Anatuluka panja pamene bambo ake, a Obadiah, ankanola khasu. Ndi iwo amene Tryphena anawapempha kuti aziyang'anira timabwalo ta ku Unit K, ta pafupi ndi kwawoto.

"Nhai Ababa, timabwalo tanga tija mumangotilondera basi?"

"Kulondera ndi kupalira komwe," anayankha monyadira. "Iwe uzike zikhomo, umange chingwe, ine ndisiye udzu ukule? Anthu akanati kwa Obadiah kuli ulesi. Udzu ndimazula, ndiwo ndimasiya."

"Maiwe! Mwandiphera chaka chonse!"

Misozi inalengeza, chifukwa mvula inali itatha ndipo kuwerenganso kunali kudikira chaka chamawa. A Obadiah anadabwa naye.

"Ukulira chiyani? Kuno tonse timatero. Mai Easter, a Meshack, aliyense amene makolo ake anachokera ku Malawi ngati ife. Timabwalo titatu ta kumunsi kokha sindinafikeko, bondo linakana."

Tryphena anawayang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anathamangira m'nyumba. Anawonjezera mzere pa tebulo la nambala zake, wosiyanitsa mopaliridwa ndi mosapaliridwa, n'kuuza pulogalamu iyezenso. Timabwalo titatu tija tinafanana ndendende ndi ta ku Unit G. Kusiyana konse kuja kunali kwa khasu! Mawa lake anazungulira dambo lonse, ndipo kulikonse kumene kunafika dzanja la munthu, udzu unali utagonja, ndiwo zili gwa. Anaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lachisanu pulofesa wake anawerenga lipotilo kawiri, nati izi ndiye zatsopano, zoposa zimene anapita kukafuna. Anangofunsa chifukwa chake mzere watsopanowo anautcha "Obadiah".

Tryphena atatsika minibasi ya kombi ku Unit K anawaonetsa bambo ake dzinalo papepala. Analisisita ndi chala, misozi ili m'maso, kenako anakweza mutu n'kufunsa.

"Ndiye ta ku Unit G nato ndikapalire liti?"

Tsiku limenelo khasu analibisa Tryphena pansi pa bedi lake.