Kachitsulo ka M'kamwa mwa Begayim

Ndinaona pamene ankayasamula. Begayim, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, atangoti kukamwa yasa, ine ndinasuzumiramo. Kachitsulo kaja munalibe.

Dotolo wa mano wa ku tauni ya Naryn atamuzula dzino lovunda lam'mbuyo, anaveka kamphete kachitsulo padzino loyandikana nalo, kokhala ndi kawaya kosunga malo mpaka lachikulu litamera. Anandichenjeza ndithu: "Kakaguluka mwana n'kukameza, musazengereze. Waya sacheza m'matumbo."

"Iwe, kali kuti?"

Anatseka pakamwa.

"Wameza?"

Anangoyang'ana pansi, pachibwano pali mbuu switi yomata ya tofi. Ndani winanso akanamupatsa? Apongozi anga, amene ndinawauza kakhumi konse kuti dotolo analetsa.

"Amake Begayim, musamuopseze mwana," anatero iwo. "Kamodzi kokha basi."

"Kamodzi komweko, Amayi, ndi kamene kazula chitsulo!"

Chikwatiwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu. Koma mantha alibe ulemu. Ndinakutumula mabulangete, kusesa kunsi kwa tebulo, kupisa m'matumba a juzi yake. Palibe. Ndinamudina pamimba.

"Pakupweteka?"

Anapukusa mutu, misozi ili mbwe.

Amuna anga a Talant anali kale panja akulimbana ndi galimoto, yomwe nyengo yozizira imachita mwano ngati bulu. Chipatala chojambula m'mimba chili ku Naryn, maola awiri, msewu wake uli woterera ndi madzi oundana. Galimoto italira, ndinamunyamula mwanayo ngati thumba la ufa n'kumukhazika kumbuyo.

Pageti galu wathu Aktoshi anabwera akugwedeza mchira, akunyambita milomo. Begayim atamuona analira chokweza.

"Sindinameze ayi! Ndamupatsa Aktoshi."

"Wati chiyani?"

"Kanaguluka ndi tofi. Ndiye ndinakakulunga m'mafuta a nkhosa, n'kumupatsa."

Kwathu kuno dzino la mwana likaguluka timalikulunga m'mafuta n'kupatsa galu, kuti abweze lolimba ngati lake. Mano ake awiri akutsogolo tinatero, ndipo anamera.

"Chitsiru iwe, chimenecho ndi dzino? Nanga osanena bwanji, anthu tikufa ndi mantha chonchi?"

"Mukanandikalipira." Anapukuta mamina ndi dzanja. "Paja lovunda lija munalisiya kwa adotolo. Aktoshi sanalandire kanthu. Ndiye linalo limera bwanji?"

Ndinakumbuka. Tsiku lozulalo anandikoka chovala, akuloza mbale imene dotolo anaponyamo dzinolo. Ine, pothamangira minibasi yomaliza, ndinamukalipira kuti asandichedwetse ndi zauve. Miyezi inayi yonseyi mwanayu wakhala akupisa lilime pampata paja m'mawa uliwonse, ine n'kumamumenya padzanja kuti asasewere ndi waya. Manyazi anandigwira osati masewera.

A Talant anatsegula chitseko cha galimoto. Anatsika, n'kunyamula galuyo ndi matope ake omwe, n'kumulowetsa pampando wakumbuyo. Ulendo unali womwewo wa ku Naryn, koma tsopano kwa dotolo wa ziweto.

Begayim anamukumbatira m'khosi.

"Amayi, adotolo aja anati waya sacheza m'matumbo. Ndi a galu omwe?"

Ndinayang'ana kumsewu. Tinali tisanafike ndi pamlatho wotulukira m'mudzi pomwe.