Chigwembe cha Kuseri kwa Shedi

Kalipentala anasiya randa pakati pa thabwa n'kutulukanso. Kanali kachinayi m'mawa womwewo. Anazungulira kuseri kwa shedi yake, nakaima m'mphepete mwa chigwembe, manja ali m'chiuno.

Pamene ankamanga shediyo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, pamenepo panali kanjira chabe kotsikira kumsewu wa kumunsi. Madzi ochokera pamalata a nyumba za kumtunda anayamba kutsata kanjirako, chaka ndi chaka akudya dothi, mpaka anthu analeka kudutsapo. Tsopano munthu akatsikiramo sankaoneka ngakhale chipewa. Mizu ya mtengo wa mapeyala inkalendewera m'malere, dothi lofiira likuyoyoka lokha popanda wolikhudza.

Sabata yapitayo anakhoma zikhomo zisanu kuchokera pakhoma la shedi kukafika kuphompho. Zinatsala ziwiri.

Anabwerera m'kati, nagwira sowo, koma mutu sunkagwira. Anadula thabwa la chitseko mopitirira mzere, n'kuliponya pa utuchi.

"Bambo, kuyang'anitsitsako ndiye kuletsa dothi kugumuka?" anafunsa mkazi wake, atatsamira pakhomo, ndowa ili m'manja. "Ndaitana achimwene. Akubwera ndi lole."

"Wakuuzani ndani kuti ndikusamuka?"

"Khomalo. Pisani chala mumng'aluwo muone."

Sanapise. Ankadziwa kale kuti mumalowa zala ziwiri.

Anali atayesa zonse. Matumba a mchenga anapita ndi mvula yoyamba. Miyala imene anatuta ndi wilibala mwezi wathunthu anakaipeza kumsewu wa kumunsi, amayi ena akuchapirapo zovala. Nsungwi zimene anadzala zinakokoloka zisanagwire n'komwe.

Mlamu wake, woyendetsa lole ya mchenga, anafika masana mitambo itayamba kuda. Anali munthu wosatha nthabwala pakamwa. Anasuzumira m'chigwembemo n'kuimba mluzu.

"Alamu, mwalemera. Enafe malo athu ndi omwewo chaka ndi chaka, anuwa akukula chotsika."

Kalipentala sanaseke. "Titathiramo malole atatu a miyala bwanji?"

"Ngakhale makumi atatu. Madzi saiwala khwawa. Mchenga ndimanyamula kumtsinje tsiku ndi tsikuwu mumayesa umachokera kuti? Ndi mapiri amenewo, ndi mabwalo a anthu ngati inu."

Kalipentala anayenda uku ndi uku. Analowa m'shedi, natuluka, nalowanso. Anasisita benchi lake lalitali, limene analikhomera m'kati momwemo moti silinadutsepo pakhomo. Ali chiimire, kuseri kunamveka chinthu cholemera chikugwa, pansi n'kunjenjemera pang'ono. Mkazi wake anapita kukaona. Pobwera anangoyamba kutola misomali n'kumaponya m'ndowa.

"Tiyambe ndi malata," anatero kalipentala, mawu ali pansi.

Anakwera padenga yekha. Ankazula misomali umodziumodzi, maso akuthamangira kumitambo, mlamu akulandira malata pansi. Oyandikana nawo awiri anabwera osaitanidwa n'kuyamba kututa matabwa. Benchi linakana kutuluka. Analitembenuza chagada, analipendeketsa, koma ayi ndithu. Pamapeto pake kalipentala analidula pakati, osalola wina kugwira sowo.

Madontho oyamba anawapeza akumanga zingwe palole. Mkazi wake anakwera kutsogolo. Iye anakhala kumbuyo pamwamba pa matabwa, atafungatira bokosi la zida, mvula ikumulowa m'khosi.

Khoma lakuseri linagwera m'chigwembe patatha masiku atatu, pamodzi ndi mtengo wa mapeyala. Uthengawo unamupeza pakhonde lopapatiza la mlamu wake, akusuntha matabwa kachitatu kufunafuna pouma. Anafunsa ngati wina wavulala. Atamva kuti palibe, anagwedeza mutu, n'kupitiriza kulimbirana malo ndi nkhuku za eni nyumba.