Zikwanje za ku Lufita

Tchalitchi cha a Menonaiti ku Lufita chinali chaching'ono, cha njerwa zosawotcha ndi denga la udzu, ndipo anthu ambiri a pa Boma la Chitipa sankadziwa n'komwe kuti chilipo. Mpingowo unabwera ndi amuna awiri amene anakagwira ntchito ku Tanzania n'kubwerako ndi Baibulo la Chiswahili komanso chizolowezi choimba popanda ng'oma. Mmodzi wa awiriwo anali atamwalira kalekale. Wotsalayo anali a Lameck Simkonda, mlimi wa nyemba ndi mawere, ndipo ndiwo ankayang'anira achinyamata.

Kuyang'anira kwake kunalibe zambiri. Loweruka m'mawa anyamata ndi atsikana ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo la tchalitchi, n'kupemphera mwachidule, kenako n'kupita kukagwira ntchito kwa munthu amene zinthu zamuthina sabata imeneyo. Kaya munthuyo ndi wa mpingo kaya ayi, a Simkonda sankafunsa. Ankafolera nyumba za okalamba, kukumba zimbudzi, kudula mawere a odwala. Tsiku la Mgonero ankasambitsana mapazi m'mabeseni, anyamata kwaokha atsikana kwaokha, akunong'onezana za ming'alu ya m'zidendene za anzawo mpaka a Simkonda atatsokomola. Kutsokomolako kunali kokwanira.

Popita ku ntchito ankandondozana, zikwanje ndi nkhwangwa zili pamapewa, akuimba nyimbo ya Chitumbuka imene anapeka mnzawo wa a Simkonda womwalira uja. Mawu ake anali ochepa: "Titemwanenge, titemwanenge, nga umo Yesu wakatitemwera." M'Chitumbuka kutemwa ndi kukonda. Anthu a ku Lufita akamva nyimboyo ankadziwa kuti lero wina agona m'nyumba yosadontha.

M'chaka cha 1986 m'gululo munalowa mtsikana wina, Evelyn, amene kwawo kunali ku Thyolo. Bambo ake, a Bizwell Makwinja, anali atangotumizidwa kumene kudzagwira ntchito ya kasitomu kumalire, ndipo ankachita lendi nyumba ina chakumtunda kwa mtsinje. Evelyn anatsatira anzake a kusukulu, ndipo kunyumba ankangoti akupita ku kwaya. Sankanama, poti kuimba ankaimbadi.

Loweruka lina la mu Julaye, mphepo ya ku Chitipa ikuwomba fumbi m'maso, a Makwinja anakumana ndi mzere uja pamlatho ali panjinga. Anaona zikwanje, anamva nyimbo, anaonanso mwana wawo pakati. Madzulo a tsiku lomwelo anafika pakhomo pa a Simkonda n'kuwapeza akupuntha nyemba.

"Ndinu a Simkonda?"

"Ndine. Monire, dada. Khalani apa."

Mlendoyo sanakhale. Anangoima atagwira njinga yake.

"Ine ndine bambo wa Evelyn. M'mawa muja ndakumana ndi ana anu, aliyense chikwanje m'manja. Kodi anawa mukuwaphunzitsa chiyani?"

A Simkonda anaika ndodo pansi. Chilambya, Chitumbuka ndi Chiswahili ankayankhula osaganiza n'komwe, koma Chichewa anachitola atakula kale, pa wayilesi ndi pa misonkhano ya chipani. Mawu akuti kukonda ankawadziwa. Kungoti ankawamva m'nyimbo za anyamata olirira atsikana, kapena munthu akamanena kuti amakonda nyama ya nkhumba, choncho anaganiza okha kuti mawu amenewo ndi opepuka, sangayenere pa za Mulungu. Liwu lolemera linali kutemwa, ndipo sankakayika kuti Achewa nawonso ali nalo. Kwa iwo kutema mtengo ndi kutemwa munthu zinali zosiyana ngati phala ndi mphala.

"Timawaphunzitsa kutemwana," iwo anatero.

"Kutemana?"

"Eya. Wamkulu ndi wamng'ono, mnyamata ndi mtsikana."

"Ndiye mukunena poyera chonchi?"

"Si chinsinsi. Zili m'Buku. Ngakhale mdani wako umutemwe."

A Makwinja anayang'ana kumanja ndi kumanzere, n'kutsitsa mawu. "Mdani wake ndani? Boma?"

A Simkonda anayamba aganiza kaye. Boma silinali mdani wawo, koma lamulo limene ankanenalo silisiya munthu aliyense kunja, ndipo sanafune kuti mlendoyo aziyesa kuti iye wapatulidwa.

"Boma nalonso. Atcheyamani, apolisi, inu amene. Nonse timakutemwani."

Njinga ija inabwerera m'mbuyo pang'ono pamodzi ndi mwini wake. Zinali zaka zimene liwu limodzi lonenedwa pamalo olakwika linkatha kuchotsa munthu pantchito, mwina ngakhale pamudzi, ndipo timipingo tosadziwika anthu ankatiyang'ana m'mbali kuopa kuti mwina ndi a Mboni za Yehova obisala. A Makwinja anali ndi ana asanu ndi ntchito ya boma.

"Makadi a chipani muli nawo?"

"Tili nawo."

"Zilibe kanthu. Lolemba m'mawa ndikupita kwa atcheyamani a nthambi. Ndisananene ine, wina adzanena kuti mwana wanga ali m'gulu limeneli. Evelyn asapondenso kuno."

Atachoka, a Simkonda anapitiriza kupuntha nyemba mpaka zinatha. Chimodzi anachimvetsa bwino: nkhani ikakafika kwa atcheyamani, palibe amene adzafunse kawiri. Gulu la Loweruka lidzathera pomwepo, mwina ndi tchalitchi chomwe. Chimene sanachimvetse ndi chimene chakwiyitsa munthuyo. Anabwereza mumtima mawu onse amene anamuuza ndipo sanapezemo loipa. Potsiriza anakumbukira kuti mphepo inasasula denga la khitchini ya a Makwinja masabata apitawo, ndipo mpaka pano mitengo yake inali pamtunda. Achinyamata anali atafolera kwa anthu a kumanja ndi a kumanzere kwa nyumbayo, mlendo yekhayo osamufikira, chikhalirecho mwana wake akukhetsa thukuta pamakomo a ena. Munthu ndithu angakwiye nazo zimenezo. A Simkonda anachita manyazi.

Lamulungu mapemphero atatha, anauza achinyamata kuti atsale.

"Mukadye msanga. Mubwere ndi zikwanje. Tikupita kwa a Makwinja."

"Lero pa Sabata, adada?" anafunsa Felix, mnyamata wamtali amene ankaimba besi ndiponso sankatha kukhala chete.

"Mawa kwachedwa."

"Bwanji Evelyn sanabwere lero?"

"Bambo ake akwiya. Tinawadumpha."

Anawo anali atazolowera kusafunsa kachitatu. Anadzera kudambo kukatenga udzu umene unatsala pantchito ya dzulo lake, anadula mitengo ingapo yowongoka, n'kuyamba kukwera kamtunda kaja. Nyimbo inayamba yokha, monga mwa masiku onse.

A Makwinja anali pakhonde akumvera wayilesi. Anamva kuimba kaye, kenako anaona zikwanje zikunyezimira padzuwa. Pamene a Simkonda ankafika pabwalo, pakhondepo panali patatsala mpando wogwa chagada ndi nsapato imodzi. Chitseko chinali chotseka, ndipo mkati munamveka tebulo likukokedwa.

"Odi," anatero a Simkonda.

Anasendera pafupi ndi chitseko.

"Odi kuno, dada."

"Mukufuna chiyani?" Mawu a a Makwinja anatulukira pa kampata ka zenera.

A Simkonda anavula chipewa. Anafuna kuti pepani wawo amveke bwino, choncho anayankhula pang'onopang'ono, m'Chichewa chawo chabwino koposa.

"Tinachedwa, dada. Mutikhululukire. Lero tabwera kudzakutemwani, inu ndi banja lanu lonse."

Felix, amene anaphunzira Chichewa mpaka Sitandade 8, anatsegula pakamwa. Anayang'ana a Simkonda, anayang'ana chikwanje chimene chinali m'dzanja lake, kenako anakhala pansi pafumbi n'kubisa nkhope m'mawondo, mapewa akugwedezeka. Atsikana anagwira pakamwa ndi zitenje. M'nyumbamo munamveka Evelyn akuyesa kudziletsa, koma kuseka kunamupulumuka.

"Ababa, ndi zimenezi? Dzulo lonse osatiuza, ndi zimenezi?"

"Khala chete iwe."

"Kutemwa ndi kukonda, ababa. Akuti abwera kudzatikonda."

"Akunamiza. Ukuona chimene agwira?"

Apa panamveka mawu ena odekha, a mayi Esther, akazi awo a a Makwinja. "Bambo a Evelyn, amayi a pamsika amandiuza tsiku lililonse kuti tikumutemwani amama, ndipo sindinabwereko ndi bala. Mukanandifunsa dzulo. Sunthani tebulolo, mwandipanikiza nalo mwendo."

Panja, Felix anadzuka n'kufotokozera a Simkonda m'Chitumbuka chimene Mchewa amamva akauzidwa kuti atemwa. A Simkonda anamvetsera osaphethira. Sanaseke. Anakumbukira zimene ananena dzulo za atcheyamani ndi apolisi. Anakhala pa chitsa chimene chinali pafupi, chipewa chili pabondo.

"Mwaimira chiyani?" anatero pambuyo pake. "Denga ndi ilo."

Anyamata anakwera pakhitchini n'kuyamba kuchotsa mitengo yofumbwa. Atsikana anamasula mitolo ya udzu. Chitseko chinatseguka, Evelyn n'kudutsa pansi pa mkono wa bambo ake kukathandiza anzake. A Makwinja anatuluka pomalizira, anatola nsapato yawo ija, anadzutsa mpando, n'kuima pafupi ndi chitsa. Nkhope yawo inali isanamasuke. A Simkonda ankadziwa kuti munthu wosekedwa pamaso pa ana ake angathe kupitabe kwa atcheyamani chifukwa cha manyazi okhawo.

"Mwandichititsa manyazi pakhomo panga," anatero a Makwinja.

"Pakamwa panga ndi pamene palakwa. Pepani."

"Nyimboyi muisinthe. Aziimba kuti tikondane. Chichewa ndiye chiyankhulo cha dziko."

"Ayi."

"Mwati chiyani?"

"Amene anaipeka anagona. Sindingamusinthire mawu iye kulibe."

"Wina adzamva ngati mmene ndinamvera ine."

"Adzabwera kudzafunsa, ngati inu."

"Si onse amene amafunsa, a Simkonda. Ine ndimagwira nawo ntchito, ndikuwadziwa."

Zimenezo zinali zoona, ndipo a Simkonda sanatsutse. Anayang'ana anyamata akumanga mitengo ndi luzi. Felix anali pamwamba penipeni akuuza mnzake kuti agwire bwino mtengowo kuopa kuti angamutemwe chala, ndipo onse ankaseka chamumtima kuti akuluakuluwo asamve.

"Zikwanje ziziyenda m'chiguduli," anatero a Simkonda potsiriza. "Felix azitsogola nazo panjinga. Oimba aziyenda chimanjamanja."

"Nanga nyimbo?"

"Nyimbo ikhala."

A Makwinja anapita kukaima pafupi ndi khitchini, akuloza malo amene mvula inkalowera, ndipo nthawi ina anapatsira mnyamata wina mtolo wa udzu. Mayi Esther anawiritsa mbatata n'kufulula tiyi m'poto wamkulu, makapu n'kumalandirana poti sanakwane. Dzuwa likupendeka denga linali litatha, losongoka bwino kumutu. Potsanzikana a Makwinja anathokoza, koma za Lolemba sanatchule, ndipo a Simkonda sanafunse.

M'mawa mwake a Simkonda anathira mawere pang'ono m'kathumba n'kupita kuchigayo, chimene chinayang'anizana ndi kanjira kolowera kunyumba ya atcheyamani. Ufa kunyumba unalipo. Chigayocho chinali chisanatsegulidwe, choncho anakhala pakhonde pake atadzikuta ndi jekete, maso ali kumsewu. Anadutsa ana a sukulu, anadutsa amayi osenza nthochi kupita ku Boma, inadutsa ngolo ya ng'ombe. Kenako inatulukira njinga ya a Makwinja, mwini wake ali mu yunifolomu yositidwa.

Itayandikira kanjira kaja, njingayo inachepetsa liwiro. A Makwinja anatsika, n'kuima pakati pa msewu. Anayang'ana kunyumba ya atcheyamani, kumene utsi unkatuluka kuseri, kenako anatembenuka n'kukankha njinga yawo kudza kuchigayo.

"Mwawuka uli, dada?" anatero, liwu lililonse akulitchula mosamala ngati akuponda pamiyala ya mumtsinje.

"Tawuka makora. Kwali imwe?"

"Pamenepo ndiye pathera Chitumbuka changa. Mwalawirira kugayitsa."

"Eya."

A Makwinja anayang'ana kathumba kaja, kamene mwana akanatha kukanyamula ndi dzanja limodzi.

"Loweruka mukupita kwa yani?"

"Kwa mayi wina kutsidya. Chimbudzi chinagwa."

"Evelyn abwera. Koma akachedwe pang'ono, amayamba wachapa kaye."

"Tidzamudikira."

A Makwinja anakwera njinga yawo n'kupitirira kanjira kaja, kulunjika kuntchito. A Simkonda anawayang'ana mpaka anakhota pa mitengo ya bulugamu. Mwini chigayo atabwera ndi makiyi, anadabwa kupeza mkulu wa mpingo ali woyamba pamzere ndi mawere osadzaza n'komwe beseni. A Simkonda anati agaye momwemo, ndipo anadikira ufa wawo.