Nsapato Zofiira Kunja kwa Katani

Nsapato zinali zitandandalikidwa m'khonde, kunja kwa chipinda choyeserera, pamene Mayi Chelo ankatuluka mu ofesi. Anangoziyang'ana kamodzi n'kuima. Pakati pa nsapato za eniake panali zofiira, zodyeka chidendene, zimene ankapunthwa nazo m'mawa uliwonse pakhomo kunyumba kwawo.

"Ha! Wabweradi mwana ameneyu," anatero chamumtima.

Dzina lakuti Mayi Chelo analipata kalekale chifukwa choimba chelo, vayolini wamkulu uja amene woimba amamukhazika pakati pa maondo n'kumakhwekhweza nsambo zake ndi uta. Anayamba ali kamtsikana, nsambo zikuwatupitsa zala mpaka nsonga zake zinauma gwa. Anaimba mu okesitira, gulu lalikulu la oimba ndi zida, zaka zambiri, kenako anawakweza kukhala mkulu wa bungwe lonse, kuyang'anira oimba, sukulu ya ana ndi holo yomwe. Tsopano mpando wa mtsogoleri wa oimba chelo unali wopanda munthu, ndipo mwana wawo wamkazi, mzime, ankaufuna.

Mipata ina itapezeka m'mbuyomu anamuletsa. Ulendo uno mwana anakana kumva.

"Anthu adzati ndakukondera. Ndidzayenda bwanji pamaso pawo?" anamuuza dzana lake akutsuka mbale.

"Ndiye ine ndikalambe ndikuimbira makoma chifukwa inu ndinu bwana?" mzime anayankha. "Munanditumiza kutali kukaphunzira kuti ndidzatani, amayi? Katani uja munamuika ndinu. Mulekeni agwire ntchito yake."

Zinali zoona. Atangolowa pa udindo, ndiwo analamula kuti woyesedwa aziimba kuseri kwa katani wochindikala, oweruza asamuone. Nsapato azivula kuti mayendedwe asaulule ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Kuyankhula ayi, kutsokomola komwe ayi.

Mayi Chelo akadali chiimire m'khondemo, anatulukira Bambo Tsinya, mtsogoleri wa oimba vayolini. Awiriwa anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo ubwana uja nawonso ankaufuna, moti chiusowereni nkhope yawo sinamasukepo.

"Abwana, simulowa?"

"Lero ayi, achimwene. Muweruze nokha."

"Mwachita bwino. Ndamva kuti kamwana kanu kali m'gulumo. Musaope, ndikazindikira ine. Kaimbidwe ka kunyumba kwanu kanandilowa m'mafupa: uta wolemera, mawu ochita kukokedwa ngati mlendo wosafuna kutsanzika."

Anaseka okha n'kulowa, chitseko phwa.

Mayi Chelo anakhala pa benchi. Oyesedwa anali atatsekeredwa kale m'kachipinda kena kolowera kuseri kwa katani, choncho m'khondemo munatsala iwo ndi nsapato basi. Ankaopa ziwiri. Mwana akapambana, miseche. Akalephera, ndiye kuti Tsinya wamuzindikira n'kumugwetsa dala, ndipo mwana wavutikira dzina la amake.

Woyamba anaimba bwinobwino koma mopanda moyo. Wachiwiri anathamanga ngati akumuthamangitsa. Wachitatu atangokhudza nsambo, Mayi Chelo anagwira pamtima. Uta wolemera uja, kukoka mawu kuja, ngakhale kapumidwe kapakati pa nyimbo, zonse zinali zawo.

"Ndi ameneyu. Limba, mwanawe, limba."

Koma pamene nyimbo imakwera, chala chinaterera. Mawu analira molakwika, woimba anasokonezeka, n'kumaliza mongokwawa. Mayi Chelo anatseka maso. Zinawapweteka kwambiri, moti wotsatira sanamumve n'komwe.

Kenako anayamba womaliza.

Abale, kuli anthu oimba kunja kuno! Uta unkayenda mopepuka, koma mawu ankadzaza khonde lonse mpaka mawindo kunjenjemera. Pamalo pomwe wachitatu anagwa, uyu anakwera ngati palibe chitunda, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mawu anatsala kanthu kakang'ono, koma komveka. Mayi Chelo anadzidzimuka ataona zala zawo zakumanzere zikuyenda zokha pabondo. Zaka zonse za misonkhano ndi madandaulo a denga lodontha anali ataiwala kuti nyimbo imatha kumugwira munthu chonchi. Misozi inatsika, sanaipukute.

"Mpando wapita kwa mwiniwake," anatero. Anayamba kukonza mawu okatonthoza mwana wawo kunyumba.

Chitseko chinatseguka. Bambo Tsinya anatuluka maso ali ofiira, mpango m'manja.

"Abwana, lowani mudzaone nokha. Tasankha womaliza, tonse, popanda wotsutsa. Ine chibadwire sindinamve chelo akuyankhula chotere." Kenako anatsitsa mawu, koma mokwanira kuti oweruza anzawo amve. "Za wachitatu uja pepani. Tinamumva ndithu kuti ndi wa kunyumba kwanu."

"Zilibe kanthu, achimwene. Wopambana wapambana."

Awiriwo analowa, ndipo Bambo Tsinya anakoka katani.

Pampando panali mzime, chelo pakati pa maondo, sokosi imodzi ili yobooka pachala chachikulu.

Bambo Tsinya anayasama, anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana amake, n'kuyang'ananso katani ngati ndiye wawapusitsa.

"Nanga wachitatu uja ndani?"

Pakhomo la kachipinda panasuzumira bambo wandevu, akukanda m'mutu mwamanyazi. Anali wophunzira wakale wa Mayi Chelo, amene anawatengera chilichonse.

Woweruza wina anayamba kuseka, enanso anatsatira, mpaka kuseka kunasanduka kuwomba m'manja. Bambo Tsinya anapukuta kumaso, n'kukweza dzanja.

"Ndanena ndanena, sindibweza. Amene adzanene kuti pano panali kukondera abwere kwa ine. Ndikanadziwa kuti ndi kamwana aka, mwina makutu anga akanachita ulesi. Koma ndalira pamaso pa anthu, ndiye nditani?" Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe, Lolemba usachedwe. Kuno tilibe za ana a bwana."

Mayi Chelo anayandikira mwana wawo.

"Sindinakuzindikire, mwanawe. Ine mayi ako, amene ndinakugwiritsa uta woyamba, sindinakuzindikire."

"Mukanandizindikira bwanji, amayi? Chibwerereni kusukulu ndimaimba masana, inu muli ku misonkhano. Mumandimvabe mmene ndinkaimbira ndili mwana."

"Wandipitirira kutali."

"Si zimene munkafuna?"

Mayi Chelo anavomera ndi mutu. Kenako anatuluka kupita m'khonde, anawerama n'kutola nsapato zofiira zija. Anabwera nazo oimba onse akuona, mkulu wa bungwe lonse, n'kugwada kuziika pamapazi pa mwana wawo.

"Vala. Ndipo sokosi imeneyo usadzabwere nayonso kuno, ukundichititsa manyazi."