Jekete ya a Dominiko

Ine sukulu ndinalekera sitandade 2, koma pagulu lathu la amayi oteteza ana kuno ku Ndunde akafuna munthu woipa wa m'sewero amasankha ine. A Ellina, apampando athu, amati nkhope yake ndinabadwa nayo.

Loweruka tinali pabwalo la mpira, kuphunzitsa ana kuti wamkulu akakugwira posayenera n'kunena kuti ndi chinsinsi, ukaulule. Jekete ndinabwereka kwa a Dominiko, alamu anga a kabaza. Ndiwo ankanyamula Thandie, mwana wa malemu achimwene anga amene ndimalera, popita kusukulu. Ulere, tsiku ndi tsiku. Tinkawatama.

Ndinalowa m'bwalo ndi ndevu zamakala, kuyenda ngati bakha. Anthu kuseka. Nditapisa m'thumba la jekete ndinapeza maswiti, ndinati eya, katundu wabwera yekha. Ndinaweramira ana a kutsogolo, mawu nditakulitsa:

"Iwe kamwana, tenga switi, koma usakauze..."

"...azakhali, angakuthamangitse pakhomo."

Anamaliza ndi Thandie, chapansipansi, maso ali pajekete. Mawu amenewo m'sewero lathu mulibe.

Ndinakweza maso. A Dominiko anali kumbuyo kwa anthu, atatsamira njinga, kudikira kuti msonkhano ukatha amutenge mwanayo. Ndikakuwa pamenepa, mwana ayaluka pamaso pa mudzi wonse. Ndiye ndinavina, ndinadzigwetsa dala, n'kugwira bondo.

"Mayo ine! Thandie, ndidzutse, undiperekeze kuchipatala!"

"Kwerani kuno alamu," anatero a Dominiko, akukankha njinga.

"Ine? Thupi lonseli? Tayala liphulika. Khalani muonere sewero."

"Ndiye mwanayo atsale, ndibwera naye."

"Ameneyu ndi ndodo yanga."

Sanaseke. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana. Ndinamukokera Thandie kwa ine.

"Nanga jekete?"

"Mawa. Ndikachape kaye makalawa."

Ndinawatsinzinira a Ellina, iwo anatilondola. Titapitirira dimba la kabichi kutsimphina kunatha. Ndinakhala pansi.

"Mwanawe, pakhomo panga suchoka. Ngakhale utaswa miphika yonse."

Analira kaye, kenako ananena zonse. A Ellina anaimba foni kwa oteteza ana a boma pomwepo, ndipo kuchipatala tinapitadi. Jekete ija sinabwerere kwa mwini wake. Ili kupolisi, maswiti ali momwemo.

Mng'ono wanga, mkazi wa a Dominiko, sakundiyankhula. Lolemba Thandie ndinamuperekeza ndekha kusukulu, wapansi.