Makalata a Sitolo ya Emelia

Malemu Jeremiya anasiyira mkazi wake Emelia sitolo ya njerwa kumtunda kwa Makhanga. Malowo anali a kampani ya thonje, ndipo kapitawo wa kampaniyo anali atanena kuti sitoloyo ikakhala yotseka mpaka mvula yoyamba, kampani itenganso malo ake. Panafunika munthu wochita lendi.

Kalisto, mng'ono wa malemuyo, anaphunzira kumishoni ndipo ankalemba bwino. Analemba makalata khumi ndi awiri opita kwa amalonda a ku Chiromo ndi ku Port Herald. Poti anali mwana wa msodzi, anatama chimene iye ankachiona chachikulu: sitolo ili pafupi ndi mtsinje, ngalawa zimafika osavutika.

Panapita masabata atatu. Palibe anayankha.

"Alamu, makalata anu aja anadyedwa ndi ng'ona?" anafunsa Emelia akupeta mapira.

"Anafika. Ndinakafunsa kupositi."

"Tandiwerengereni zimene munalembamo."

Kalisto anawerenga. Emelia anaika lichero pansi.

"Mwauza anthu amene nsalu zawo zinayandama chaka chatha kuti abwere kumtsinje? Inu mukamva madzi mumaganiza nsomba. Iwo amaganiza mchere wosungunuka."

Kalisto anapinda kalata ija. Anatenga chingwe napita pa mlambe wa kunsi kwa sitolo, pamene matope a chigumula cha chaka chatha anasiya mzere pakhungwa. Anayeza kuchoka pamzerewo mpaka pakhonde: mapazi makumi asanu ndi limodzi, chokwera chokhachokha. Mawa lake anapita ku Chiromo, nayenda sitolo ndi sitolo akuyang'ana makoma. Analemba mayina a okhawo amene makoma awo anali ndi mzere wa matope. Analipo asanu.

Kalata yatsopano inali yaifupi. "Madzi a chaka chatha analekezera pa mlambe. Pakhomo pathu sanafike. Bwerani mudzaone nokha."

Mitambo inali itayamba kuunjikana kumapiri a Thyolo pamene mmodzi mwa asanuwo anatsika m'ngalawa, kalata ili m'manja. Sanayambe ndi sitolo. Anapita pa mlambe, nagwira mzere uja, kenaka anakwera pang'onopang'ono akuwerenga mapazi.

Atafika pakhonde anagogoda njerwa zapansi, nanunkhiza chala kuti amve ngati muli chinyezi.

"Mayi, kiyi ali ndi ndani?"

Emelia anamasula kiyi pa mfundo ya nsalu yake.

"Alamu, pitani mukauze kapitawo kuti chitseko chatseguka."

Kalisto anavala chipewa, nauyamba.